Kope la Anesi Lakulunga Mtedza

Anesi anali atangotula dengu lake la tiyi pa sikelo pamene anamva mawu a mumtima mwake akutuluka m'kamwa mwa munthu wina.

"Tamverani izi, anthuni!" Anali a Kingsley, kapitawo wa gulu lawo, dzanja lina likuponya mtedza m'kamwa, lina litatambasula kapepala konona mafuta. "'Lachiwiri. Lero ndamuchitira nsanje Lilly. Mwana wake Cathy akukwatiwa ku tchalitchi atavala velo, pomwe wanga Angel anangolowana ndi wakabaza ku Bvumbwe. Pondionetsa nsalu ya ukwati ndimaseka naye, koma mumtima ndimati bwenzi ukwatiwo utangopasuka.' Eee! Iyi ndiye mfiti yodziwa kulemba!"

Amayi a pamzere anafa nacho chiseko, koma chinazima msanga. Pa esiteti yonse mayi wa Angel anali mmodzi yekha. Ndipo Lilly, mnzake wa Anesi wa zaka khumi ndi zinayi, anali ataima madengu atatu okha kumbuyo kwake. Lilly anayenda pang'onopang'ono, nalanda kapepalako m'manja mwa a kapitawo, nakapinda, nakamangirira kunsonga ya chitenje chake. Sanamuyang'ane Anesi ngakhale pang'ono.

Anesi atamwaza maso anaona mapepala ena ali mbwee! Ena m'manja mwa anthu, ena pansi m'matope, onse zilembo zake zopendekera zija. Pansi pa mtengo panali lichero la mtedza wokazinga wokulungidwa m'mapepala omwewo, koma mwini wake, Alesi, mlamu wa Anesi, anali atalisiyira mnzake n'kuzemba.

Mapepalawo anali ochokera m'kope lake. Kulemba m'makopeko Anesi anakuyamba zaka zitatu zapitazo, atamenyana ndi mayi wina pa mpopi mpaka kung'ambirana malaya. Namwino wa kuchipatala cha pa esiteti atamuyeza anati magazi akuthamanga kwambiri. "Mayi, mkwiyo wanuwu ukuphani. Poti kulemba mumatha, muziukhuthulira pa pepala." Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse akaweruka, asanagwire n'komwe tsache, Anesi ankakhala kuseri kwa nyumba pa dengu lovundikira n'kulemba. Pepala loyamba ankalembapo zimene mtima wake wanena tsikulo, zoipa ndi zabwino, osadzikometsera. Pa pepala lotsatira ankadzifunsa kuti, "Nanga mawa ndichite bwanji?" Makope anayi anadzaza motero, ndipo pa mpopi anthu anayamba kuiwala kuti Anesi anali nkhonya patsogolo.

Koma tsiku limeneli anafika kumalaini, kunyumba za antchito, akuthamanga, dengu likumumenya kumsana. Anapeza Alesi ali pakhonde akusankha mtedza ngati palibe chachitika. Alesi anali mlongo wa mwamuna wake, anabwera kuchokera kwa Mphuka kudzakhala masabata awiri, ndipo uwu unali mwezi wachinayi.

"Alamu, kope langa lili kuti?"

"Liti? Lija linali m'katoni pansi pa bedi?"

"Pansi pa bedi langa! M'chipinda changa! Munkafunamo chiyani?"

"Aa, nyuzi zokulungira mtedza zinandithera, ndiye ndinati ndione kuchipindako. Si mapepala olembedwa kale? Ine ndimayesa ndi akale a Angel a kusukulu."

"Simunawerenge?"

"Ndiwerenge ndili ndi nthawi? Ine ndimangong'amba." Alesi anauluza makoko a mtedza, phuu! "Komanso alamu, mtima wa munthu umasungidwa pachifuwa. Inu mukausunga m'katoni, mbewa zikaudya mudandaulira ndani?"

Anesi analowa m'nyumba n'kutulutsa kope lija. Linali litatsala chikuto ndi mapepala ochepa akumapeto. Miyezi isanu ya moyo wake inali itapita ndi mchere wa mtedza! Anavundukula mofulumira kufuna pepala lotsatira la Lachiwiri lija. Ankalikumbukira bwinobwino. Analembapo kuti nsanjeyo ndi yonyansa, kuti Cathy anamubereka kumsana ali khanda, ndi kuti mawa lake akadzuka n'kukamuthandiza Lilly kusoka. Ndipo anapitadi.

"Pepala lotsatira lili kuti?"

"Ena ndinakolezera mbaula. Makala a masiku ano ndi onyowa."

 Zibakera za Anesi zinakungika zokha. Akanakhala Anesi wa kale uja, Alesi akanabwerera kwa Mphuka mano ali m'thumba. Anangomenya lichero ndi phazi, mtedza n'kumwazika bwalo lonse, nkhuku za oyandikana nawo n'kuyamba phwando.

A Goodson, mwamuna wake, anatulukira akuchokera ku fakitale nkhani ataimva kale pachipata. Mmalo moti adzudzule mlongo wawo, anayamba ndi mkazi wawo.

"Ine ndinakuuzani, amake Angel. Munthu wamkulu kumalemba tizinthu tsiku ndi tsiku ngati mukukonzekera mayeso. Lero taonani!"

"Ndiye wolakwa ndine? Munthu walowa m'chipinda chathu, wafukula pansi pa bedi, wang'amba chinthu changa, ndipo wolakwa ndine?"

"Alesi sanadziwe."

"Kusadziwa kumeneko bwanji sikunang'ambe Baibulo lanu? Linali m'katoni momwemo!"

A Goodson anakanda m'mutu, natsitsa mawu. "Tamverani. Madzi akatayika saoleka, koma apa njira ilipo. Papepalapo palibe dzina lanu. Mukanene kuti ndi sewero limene mumakonzera amayi a kutchalitchi, mayina munangobwereka. Kapena nenani kuti wina wakutsanzirani kalembedwe. Loweruka lino si ndinu mlangizi wamkulu wa Cathy? Mukavomera, ulemu umenewo wapita. Ndipo ukwatiwo ukadzangogwedezeka, kaya patapita zaka khumi, anthu adzati mfiti ndi Anesi. Makope enawo tiotche lero lomwe."

"Muotche chiyani?"

"Makope."

"Yesani. Mudzaona ngati namwino uja anandichiritsadi."

Komabe mawu a Goodson anamulowa. Ulangizi umenewo unali chinthu chachikulu kwa iye. Lilly anadumpha azakhali ake a Cathy, anadumpha ngakhale amayi a abusa, n'kusankha iye kuti akakhale patsogolo pa mwana wake kumuuza za banja. Mayi amene mwana wake anathawa osalangizidwa, apatsidwe mpando umenewo! Anesi anali atasokeratu chilundu chatsopano.

Anatenga kope long'ambikalo n'kuyamba ulendo wa kunyumba kwa Lilly, mizere inayi kumtunda. Njira yonse ankatola mapepala ake. Lina analipeza m'ngalande, lina mwana ankakonzera ndege, lina mayi wina analibisa kumbuyo atamuona. Anthu amene chaka chonse sawerenga ngakhale chikwangwani cha pachipata, lero onse anali ophunzira! Ndipo njira yonse bodza la sewero lija linkamuyenda m'mutu, likukoma.

Anapeza Lilly ali pamkeka akupeta mpunga wa ukwati.

"Odi, amake Cathy."

"Fikani." Lilly sanamutambasulire mkeka. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kapepala kaja, nakaika pakati pawo. "A Goodson atuma kale mawu kuti ili ndi sewero la kutchalitchi. Ine ndikufuna ndimve kwa iwe. Ukati ndi sewero, ndivomera, ndipo Loweruka ukhala pampando wako. Ndi sewero?"

Anesi anayang'ana kapepalako. Zaka zitatu anakhala akudziuza zoona kuseri kwa nyumba, popanda womuona. Ndiye lero aname pamaso pa munthu amene anamugoneka m'nyumba mwake tsiku limene Angel anathawa?

"Si sewero. Ndinalemba ndine, ndipo tsiku limenelo mtima wanga unanenadi zimenezo."

Lilly anasiya kupeta. "Iwe Anesi! Ukuseka nane, ukugwira nsalu ya mwana wanga, mkati ukutemberera?"

"Sindinatemberere. Ndinachita nsanje, ndipo ndinaigwira pakhosi tsiku lomwelo. Panali pepala lachiwiri pomwe ndinadzidzudzula. Alesi wakolezera mbaula."

"Lachiwirilo ndiye lapsa, loipali ndiye latsala. Zimakhala choncho, eti?"

"Umboni ndilibe. Koma Lachitatu lake ndani anabwera kuno mvula ikugwa, kudzasoka nawe mpaka zala kutupa?"

Lilly anayambanso kupeta.

"Ndipo ndikuuze, Lilly, ndakwiya. Ndakwiya kwambiri! Pa sikelo paja amene amaseka, ndani sanachitirepo mnzake nsanje? Iwowo zawo amazinyamula n'kukanena ku mpopi, kapena kupita nazo kwa asing'anga. Ine yanga ndinaitsekera m'kope kuti isalume munthu. Lero mfiti ndine, pomwe amene anafukula pansi pa bedi langa akusankha mtedza pakhonde!"

"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina," anatero Lilly motsitsa. "Ine ndinkayesa wako ndinaoloka kalekale." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ukananama ndikanadziwa. Kalembedwe kako ndimakadziwa, ndipo sewero kutchalitchi kulibe. Ndikanakusiya ulangize, kenako sindikanapondanso pakhomo pako."

"Nanga pano?"

"Pano ulangizi ndiwapatsa azakhali ake. Akuchimuna amva kale. Sindingakuike patsogolo pa Cathy anthu akunong'onezana."

Mawuwo anamupweteka Anesi kuposa mbama. Anafuna kukuwa kuti si chilungamo, chifukwa sichinalidi chilungamo. Koma anangogwedeza mutu.

Lilly anakankhira kapepala kaja kwa iye. "Tenga chinthu chako. Amayi ena amati ndipite nacho kwa akulu a mpingo. Sindipita nacho." Kenako anasendeza lichero lachiwiri ndi phazi. "Mpunga uwu uli ndi miyala yambiri. Ukhala chomwecho manja lende?"

Anesi anakhala pansi, napeta mpaka thumba linatha. 

Atabwerera kwawo dzuwa linali lisanalowe. Anapeza a Goodson ndi Alesi ali pakhonde, akudikira kumva.

"Mwanena za sewero zija?" anafunsa a Goodson.

"Ndanena zoona. Chilundu chija ndidzavala pophika." Anatembenukira kwa Alesi. "Alamu, mlendo ndi mame. Mawa a Goodson akuperekezani ku siteji."

"Koma amake Angel," analowererapo a Goodson, "chibale ndi fupa..."

"Fupalo mukalisungire kwa Mphuka."

Analowa m'nyumba, natenga singano ndi ulusi. Mapepala khumi ndi atatu amene anatola anawayala, nawasanja motsata masiku, nawasokerera m'chikuto, mafuta ndi matope zili pomwepo. La Lachiwiri lija analiika pamalo pake. Kenako anazungulira kuseri, navundikira dengu, nakhalapo.

Analemba za Alesi pepala lonse, cholembera chikuboola. Analemba za a Kingsley ndi pakamwa pawo, za a Goodson ndi bodza lawo, za mpando umene anamulanda. Atatsegula pepala lotsatira analemba funso lake la masiku onse, nakhala nthawi akuliyang'ana.

A Goodson anasuzumira pakona ya nyumba. "Zonsezi zachitikazi, mukulembabe?"

"Ndikapanda kulemba," anatero Anesi osadzutsa mutu, "mlongo wanuyo safika mawa ali ndi mano."

Pansi pa funsolo analemba kuti: "Mawa ndikatola miyala mu mpunga wa Cathy."