Nati Yotsala M'thumba

"Kankha pang'onopang'ono, iwe! Imeneyo si ndodo yogwetsera zipatso," anakuwa a Mkuwa ali panja.

Mzime anali pamakwerero m'chipinda chochezera cha nyumba imene ankagwiramo ntchito, akulowetsa mapaipi awiri pabowo limene anaboola pafupi ndi denga. Imodzi inali yowonda ngati chala chaching'ono, inzake yonenepa ngati chala chachikulu. Bambo ake, a Mkuwawo, ankawalandira kuseri kwa khoma. M'mapaipi amenewo ndi mmene mumadutsa gasi, kuchoka ku makina a panja kupita ku anzake a m'nyumba, kuti nyumba izifunda kukazizira ndi kuzizira kukatentha.

"Ndikukankha bwinobwino, bambo. Inuyo ndi amene mukukoka ngati mukukangana ndi mbuzi."

"Mwamumva mwanayu? Ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sipanala, lero akundiphunzitsa kukoka."

Mwini nyumba anaseka mpaka tiyi kutayikira pambale. Anali mayi wachikulire wosoka zovala, ndipo tsiku limenelo anasiya zosoka zonse n'kukhala pakhonde kuti aonerere. Makinawo anawagulira ndi mwana wawo, ati mawondo awo asamalire nyengo yozizira.

Dzina la Mkuwa anawapatsa ndi anzawo a ntchito kalekale, chifukwa ankapinda paipi ya mkuwa ndi manja okha osaithyola msana. Manjawo anali akadali omwewo. Chimene chinayamba kuwathawa chinali china, ndipo Mzime yekha ndi amene ankachidziwa bwino. Mchimwene wake anali atamuuza kangapo kuti, "Bambo apume basi. Tsiku lina adzawononga makina a eni ake, tidzasowa poyika nkhope." Mzime ankangoyankha kuti ali bwinobwino. Ankadziwa kuti chimwalirireni mayi ake, chimene chinkawadzutsa bambowo m'mawa ndi ntchito yokha, ndipo ankaopa kuti akawalanda imeneyo adzangokhala pampando mpaka kuzilala.

Mapaipi atatuluka, Mzime anatsika n'kupita panja. Anapeza bambo ake atagwada pafupi ndi makina, akupotokola chofutukulira. Paipi isanamangidwe ku makina, nsonga yake amaifutukula kuti ikhale ndi mlomo ngati wa lipenga. Koma nati yomangira iyenera kulowa kaye, chifukwa mlomo ukafutukuka nati singadutsenso. Woiwala amadula mlomowo n'kuyambiranso, paipi n'kufupika. Palibe wophunzira ntchitoyi amene sanalakwitsepo zimenezi, ndipo a Mkuwa ankawaseka ophunzira otere mpaka misozi.

A Mkuwa anamasula chofutukulira n'kuonetsa nsongayo kudzuwa. Mlomo unali wosalala, wopanda ndi kamng'alu komwe.

"Mayi, bwerani mudzaone. Zoterezi sagulitsa m'sitolo."

Nati inali phee pamwamba pa makina. Mzime anaitola n'kuigwedeza m'mwamba akumwetulira.

"Bambo, nanga mlendo uyu mwamutsekera panja bwanji?"

A Mkuwa anayang'ana nati, anayang'ana paipi, kenako anaseka kwambiri. "Ndimakuyesa ngati uli maso. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Eeh, mayeso ake odula paipi yanga?" anatero mwini nyumba. "Muzimuyesa ndi mapaipi a kwanu, bambo inu."

Onse anaseka. A Mkuwa anadula mlomo wokongola uja, natenga nati m'manja mwa Mzime n'kuiponya m'thumba la malaya kuti isasowe. Mzime anafuna kuima pomwepo mpaka aione italowa, koma anachita manyazi kuwalondera bambo ake pamaso pa mlendo. Anabwerera m'nyumba kukamanga mbali ya m'kati ndi kukulunga mapaipi ndi chinkhupule chakuda chija chimene chimateteza kuti asamachite thukuta.

Atatulukanso, anapeza bambo ake akukwawa pansi, akupapasa m'maudzu. Paipi yonenepa ija inali ndi mlomo watsopano, wokongola kuposa woyamba. Nati panalibe.

"Inali pompano," ankatero okhaokha. "Pompano ndithu."

Mzime anaona kanthu kozungulira katatukuka m'thumba la malaya awo. Anayang'ananso paipi. Inali itafupika moti inkangofika ku makina movutikira, ndipo m'galimoto munalibe mkuwa wina. Mpata unatsala wodula kamodzi kokha.

"Kodi chasowa n'chiyani? Ndikuthandizeni kufuna?" Mwini nyumba anali atayamba kale kudzuka pampando.

"Ayi mayi, musavutike. Koma mukanatigawirako madzi akumwa, kukhosi kwauma."

Mayiwo atalowa m'nyumba, Mzime anagwada pafupi ndi bambo ake. Anangogwira thumba lija ndi chala. A Mkuwa anapisa dzanja n'kutulutsa nati. Anaiyang'ana nthawi yaitali ili pachikhatho, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Paipi imeneyi ndaidulapo kale lero?"

"Eya, bambo."

"Chifukwa cha nati yomweyi?"

Mzime anagwedeza mutu kuvomera. Anamva chisoni chachikulu, chifukwa anaona kuti sakufunsa mwanthabwala. Sankakumbukiradi.

A Mkuwa anatola chodulira pansi, anachipukuta pa ovolosi, n'kumupatsa mwana wawo. "Dula pang'ono kwambiri, ngati ukuwenga chikhadabo cha khanda."

Mzime anadula kachidutswa kochepa zedi, analowetsa nati, n'kufutukula mlomo. Bambo ake anamugwirira paipi kuti isagwedere. Pomanga inaperewera pang'ono, ndiye anathandizana kusuntha makina kuwayandikiza kukhoma mpaka nati inagwira. Mwini nyumba atabwera ndi madzi anapeza akumangitsa ndi masipanala awiri, ngati palibe chachitika.

Kenako analumikiza pampu yokoka mpweya wonse m'mapaipi. Itamaliza anaizimitsa n'kukhala pansi kuyang'ana muvi wa geji. Muvi ukasuntha ndiye kuti penapake pakudontha.

"Ndiye mungokhala choncho, kuyang'ana kawotchi kosayenda?" anafunsa mayi aja. "Ine ndimayesa muyatsa kuti ndimve kufunda."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anayankha a Mkuwa, maso ali pa geji. "Inuyo mumapereka diresi kwa mwini wake musanaone ngati msoko wagwira?"

"Aa, zimenezo ayi. Angakang'ambikire pagulu."

"Basi, ifenso tikuona msoko."

Muvi sunasunthe. Mzime anatsegulira gasi, nalowa m'nyumba kukayatsa. Posakhalitsa mpweya wofunda unayamba kutsika kuchokera pakhoma. Mwini nyumba anaima pansi pake atatambasula manja, akuseka ngati kamtsikana.

"Koma ntchito ya akuluakulu imaoneka! Iwe mwana, uwasunge bambo akowa. Amisiri otere anatha."

A Mkuwa anangomwetulira n'kupita kukalongedza zida.

Pobwerera, galimoto inayenda mtunda ndithu. Makwerero ankangogobedeka kumbuyo. Atayandikira kunyumba, a Mkuwa anatsokomola.

"Mzime, usandinamize. Zayamba lero?"

Mzime anafuna kunena kuti eya. Mawuwo anafika pakamwa, koma anakanika kuwanamiza bambo ake atamufunsa maso ndi maso.

"Ayi, bambo. Papita nthawi."

"Zotani?"

"Nthawi zina nati mumaisiya yosamangitsa. Tsiku lina munatsegulira gasi tisanakoke mpweya. Ndimadutsamo pambuyo panu n'kukonza."

"Osandiuza."

"Ndinkaopa."

A Mkuwa anayang'ana manja awo ali pamaondo. "Ndiye iwe wakhala ukugwira ntchito ziwiri, yako ndi yolondera nkhalamba." Anapumira m'mwamba. "Mchimwene wako sakulakwa. Ine ndagwira ntchito imeneyi ndi dzina labwino, sindifuna kuti ndidzaitsirize ndi kuphulitsa makina a munthu. Mawa usanditenge. Ungobwera kudzanyamula zida m'shedi, uzipita. Ukatha wekha, ndakuona lero."

"Bambo..."

"Ndanena ndanena. Ndikadali ndi nzeru zonenera, undimvere."

A Mkuwa anatsika pageti, natenga bokosi la zida n'kulowa osacheuka. Mzime anayendetsa galimoto mpaka pakona, anaima, n'kulira mpaka mtima unatsika. Madzulo anamuimbira mchimwene wake kumuuza kuti bambo avomera okha kupuma. Mchimweneyo anati zakhala bwino, ngakhale nayenso mawu ake anamveka olemera.

M'mawa Mzime anapita kukatenga zida monga anagwirizana. Ali chapatali anaona munthu ataima pageti. Anali a Mkuwa, atavala ovolosi yochapa, nsapato zopolisha, botolo la tiyi lili kukhwapa. Bokosi la zida anali atalitulutsa kale n'kuliika pambali pawo. Ataona galimoto anakweza dzanja mokondwa.

"Wachedwatu iwe! Ukufuna eni ake aziti amisiri ake ndi aulesi?"

Mzime anaimitsa galimoto n'kuwayang'ana kumaso. Anafunafuna zadzulo pankhope pawo, koma panalibe. Mawu onse amene ananena okha m'galimoto muja anali atapita, ndipo amene anatsala nawo anali iye yekha. Akanatha kuwakumbutsa. Anadziwanso kuti akatero ndiye kuti awauza kachiwiri nkhani imene inawapweteka kale kamodzi, ndipo mwina mawa adzafunika kuwauzanso.

Anachotsa jekete yake pampando wa pambali, anaweramira kuchitseko n'kuchitsegula.

"Kwerani, bambo. Koma lero mapaipi ndidula ndine, inu mundigwirira."

"Ha! Mwamumva mwanayu?" anatero a Mkuwa akukwera, botolo la tiyi lili m'manja. "Chabwino, tiye. Tikaone ngati unaphunziradi."