Kamzere Kopingasa pa Makwerero

Pali chinthu chimene mtsikana yemwe kufakitale amamutcha Injiniya sanauzepo munthu: zala ziwiri za amalume ake anadulitsa ndi iye.

Anali atangomaliza kosi ya zamagetsi pamene amalumewo, oyendetsa makina odula makatoni, anamupemphera malo kwa akapitawo. Sabata yachitatu, batani lofiira loimitsira makina linathyoka. Akapitawo anamuponyera kiyi wa kusitolo.

"Tationetsa za kusukuluzo. Usatigoneke pano."

Batani lakale linali lodutsitsa magetsi nthawi zonse, ukalidina m'pamene limadula. Kusitoloko kunali la mtundu winawo, lodutsitsa pokhapokha ukalidina. Kubwerera chimanjamanja pamaso pa azibambo onse aja kunamukanika. Analimangirira lomwelo, n'kutsegula pulogalamu ya kabokosi kolamulira makina, ija imajambulidwa ngati makwerero. Pa sitepe yachiwiri panali kontaki, timizere tiwiri toimirira, yofunsa funso limodzi basi: kodi magetsi ochokera kubatani akufika? Akamafika, makina aziyenda. Iye anaikapo kamzere kopingasa, funso n'kutembenuka: akamapanda kufika, makina aziyenda. Anadina batani, makina anaima nji.

"Mwamuona mwana wa mlongo wanga?" anatero amalume, chifuwa chili patsogolo. "Kusayankhulaku n'kusunga nzeru."

Kusukulu aphunzitsi ankachita kumenya tebulo pofotokoza chifukwa chake batani loimitsira liyenera kudutsitsa magetsi nthawi zonse: waya akaduka, makina aime okha. Anazikumbukira zimenezo. Anati apempha batani loyenera mawa. Mawa anakhala mwezi.

Makina amanjenjemera, ndipo waya wa kubatani lija anasololoka. Tsiku limene mpeni wa makinawo unakoka mkono wa malaya a amalume, iwo anamenya batanilo katatu. Kabokosi sikanaone magetsi, monga mwa masiku onse, choncho kanapitiriza ntchito yake mokhulupirika.

Anthu onse atathamangira kugalimoto yopita kuchipatala, Injiniya anatsegula chivundikiro cha batani, naona wayayo ali lende. Anamubwezera, n'kumanga zolimba. Madzulo abwana ndi akapitawo anabwera kudzayesa. Anadina, makina anaima.

"Ndiye akuti linakana?" anatero abwana. "Munthu wapisa dzanja makina akuyenda, kenako azinamizira batani."

Amalume anachotsedwa ntchito chifukwa cha kusasamala. Injiniya anapatsidwa ntchito yokhazikika, ndi ovolosi yatsopano.

Poyamba amalumewo ankalumbira kwa aliyense wobwera kudzawazonda kuti anadina. Anzawo ankangogwedeza mutu mwaulemu. Akazi awo, azakhali amene ankamusungira Injiniya chakudya akachedwa, anayamba kunena kuti zakale zisiyeni. Kenako amalume anasiyadi kulumbira.

Loweruka lina Injiniya anawapeza amalume pakhonde akulimbana ndi zingwe za nsapato. Anagwada kuti awamangire.

"Siya, ndiyenera kuphunzira," anatero. Anayesanso, chingwe n'kupulumuka. "Ukudziwa, mwana iwe, ndakhala ndikuganiza. Mwina abwana akunena zoona. Mwina sindinadine. Mwina ndinangofuna kudina, mutu n'kundiuza kuti ndadina. Ukalamba umayamba choncho."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

Injiniya anayang'ana nsapatozo.

"Amalume."

"Nena, Injiniya wathu."

"Munadina. Katatu konse. Waya anali ataguluka, ndipo ndine ndinasintha pulogalamu kuti makina asadziwe. Inu muli m'njira ya kuchipatala, ndinamubwezera wayayo, abwana asanaone."