Milamba ya ku Ruiru

Adokotala atachotsa ng'ala m'diso lamanzere la a Petro, analamula kuti mkuluyo asachoke mu Nairobi mpaka patadutsa milungu isanu ndi umodzi. Mwana wawo Bernadette, amene ankagwira ntchito kubungwe lina lokumba mijigo, anasangalala. Chichokereni ku Malawi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, anali asanakhalepo ndi bambo ake kupitirira masiku atatu.

Koma nyumba yake ya ku Kasarani inali pamwamba pansanjika, ndipo a Petro anayamba kufota ngati mbande yowokedwa padzuwa. Ankalawirira kusamba, kuvala jekete, n'kukhala pawindo kuonerera maminibasi otchedwa matatu akulimbirana njira. Chakudya ankangolawa. Bernadette akafunsa, yankho linali lomwelo: "Ndili bwino, Bena. Pita kuntchito."

Kwawo ku Zomba, a Petro anaphunzitsa pulayimale mpaka kupuma, koma anthu ankawadziwa ndi milamba. Mumtsinje wa Likangala munalibe dziwe limene mbedza yawo sinagwemo. N'chifukwa chake Bernadette atamva kuntchito kuti ku Ruiru kuli munthu woweta nsomba amene amalola alendo kuwedza, sanachedwe. Loweruka m'mawa anawakweza galimoto osawauza kumene akupita.

Mwini maloyo, a Nicholas, anawalandira ndi manja awiri. "Karibu, mzee! Kambare wako wengi!"

"Akuti milamba ndi yambirimbiri," Bernadette anamasulira.

Madamu anali anayi, amakona anayi, oyalidwa pulasitiki wakuda pansi. A Nicholas anabweretsa ndodo yonyezimira yokhala ndi kachitsulo kokulungira chingwe, ndiponso chitini cha timibulu ta chakudya cha kufakitale. A Petro anaitembenuza ndodoyo uku ndi uku, anakolowekapo nyambo, n'kuponya. Chingwe chisanakhazikike n'komwe, mlamba wonenepa unali utameza kale. Anaponyanso, wina. Kachitatu, winanso. Apo anaika ndodo pansi n'kupukuta manja.

"Uku si kuwedza, Bena. Uku n'kutola."

Bernadette anali ataganiza kuti lero awaona akuseka.

"Taona mimba zake," anapitiriza a Petro. "Nsomba yoleredwa ngati nkhuku ya chizungu. Mlamba wa mumtsinje ndi nkhalamba yochenjera. Umayamba wanunkhiza nyambo ndi ndevu zake, n'kuchoka, n'kubweranso. Ine ndinkakhala kuyambira mame mpaka dzuwa pamutu kulimbana ndi umodzi. Kwathunso zinatha. Anyamata akukokolola ndi masikito, mpaka tiana tomwe. Wambedza akumuyesa wamisala."

"Ine sindikudziwa zimenezo, Ababa," anatero Bernadette. Mawuwo anangotuluka okha. "Simunanditengepo."

A Petro anamuyang'ana ndi diso lawo latsopanolo.

"Munkatenga achimwene, iwo akulira kuti sakufuna. Nyongolotsi ndinkakumba ndine kuseri kwa bafa. Ndikakupatsani chitini, munkati mwana wamkazi sapita kudziwe, ndizitsala ndi amayi."

Anaseka pofuna kupeputsa nkhaniyo, koma a Petro sanaseke. Anasisita chipewa chawo.

"Nyongolotsi zako zinali zonenepa," anatero motsitsa mawu. "Ndinkaona. Ndinkangoopa pakamwa pa anthu. Ndinalakwa, mwanangu."

Kenaka anaimirira ngati munthu wakumbukira ntchito. "Tafunsa bwanawa, madzi akasefukira m'madamumu amapita kuti?"

A Nicholas analoza kumunsi, kuseri kwa nthochi. Kunali dziwe lakale lamatope, lomera mabango, kumene nsomba zothawa nthawi ya mvula zinkathera. Palibe ankazidyetsa, ndipo palibe mlendo ankafunako. A Petro anapempha nsungwi imodzi yapampanda, mbedza, chingwe ndi khasu. Khasulo analandira ndi Bernadette. Anavula nsapato, anapinda thalauza, n'kuyamba kukumba patsinde pa nthochi. Manja ake anali asanaiwale.

Anakhala pansi m'mphepete mwa dziwelo. A Petro anamangirira kachidutswa ka bango pachingwe kuti kaziyandama, anaponya pafupi ndi mizu, n'kupereka nsungwiyo kwa mwana wawo.

"Gwira ndiwe. Ine kabangoko sindikukaona bwino. Uzindiuza zimene kakuchita."

Panapita ola lathunthu kabango kali duu. Foni ya Bernadette inalira kawiri m'thumba, iye osaigwira. A Petro anayamba kusimba monong'ona za dziwe la pansi pa mkuyu, za mlamba umene unawathyolera nsungwi chaka chimene Bernadette anabadwa, za mmene malemu mayi ake ankakanira kudya mlamba ali ndi pakati koma n'kumawotchera aneba onse. Zambiri mwa izo Bernadette anali asanazimvepo.

"Kagwedezeka!"

"Usakoke."

Koma iye anali atakoka kale. Mbedza inatuluka yopanda kanthu, nyambo itapita. A Petro anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kwawo koyamba chifikireni mu Kenya.

"Wakuphunzitsa ameneyo! Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koyamba umalawa, kachiwiri umayesa ngati pali munthu. Udikire kabango kamire n'kuyamba ulendo."

Bernadette anakolowekanso nyongolotsi yekha. Dzuwa linakwera, thukuta likuyenderera m'khosi. Kabango kanagwedezeka, iye anaugwira mtima. Kanagwedezekanso. Kenaka kanamira n'kulowera kumabango.

"Kapita, Ababa!"

"Tsopano!"

Nsungwi inapindika, madzi anavunduka, ndipo mlamba wakuda bii, wowonda, wosafika ndi mkono womwe, unagwera paudzu ukuphiriphitha. Bernadette anaudumphira ndi manja onse, ndipo munga wa pambali pa mutu unamubaya chala chachikulu. Anakuwa ngati kamtsikana. A Petro anaugwira mlambawo kumbuyo kwa mutu mwaukatswiri, kenaka anatenga chala cha mwana wawo, anafinya magazi, n'kuchimanga ndi mpango wawo wa m'thumba. Anamanga pang'onopang'ono, ndipo atamaliza sanalisiye msanga dzanjalo.

A Nicholas ataona kansombako anagwira m'chiuno. Anafunsa m'Chingerezi chifukwa chimene anthu angasiyire nsomba zonona n'kukapsa ndi dzuwa chifukwa cha kameneko.

"Auze kuti tibweranso Loweruka," anatero a Petro. "Nsungwi yathuyi asabwezere pampanda."

Anabweradi, Loweruka lililonse mpaka adokotala anawamasula. Masiku ena ankabwerera chimanjamanja. Pa ulendo womaliza, ali m'galimoto, Bernadette anawauza kuti wapempha tchuthi cha mu Disembala.

"Ubwere mvula yoyamba ikagwa," anatero a Petro. "Milamba imakwera ndi madzi ofiira. Pali dziwe limodzi kumtunda limene anyamata amasikito amaliopa chifukwa cha miyala. Ngakhale achimwene ako sindinawaonetsepo."