Kumene Njiwa Zinkamwa

Chaka chimenecho mvula inasiya msanga, ndipo pofika Okutobala madambo a kumtunda kwa Euthini anali fumbi lokhalokha. Yotam Soko anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Mjigo wa m'mudzi unkatulutsa madzi okwanira anthu okha, choncho komiti inaletsa kumwetsapo ziweto. Ng'ombe zija zinayamba kuoneka nthiti. Wilkins, wogulitsa nyama pamsika, anali atabwera kale kudzaziona.

"Gulitsani zisanagwe zokha," anatero mkazi wake, NyaJere. "Mbwenu basi, tidzalima ndi makasu ngati anzathu."

"Ndi msana uti?"

"Wanu womwewo. Mukuusungira ndani?"

Yotam anakweza mutu. Anali atakhala pa ngolo, maso ali m'mwamba. Njiwa zinkadutsa ziwiriziwiri, chapansipansi, osatera pamtengo uliwonse, zonse kulowera kumodzi. Iye ankadziwa kuti mbalame imeneyi imadya njere zouma, ndiye singagone ndi ludzu. Ikamauluka molunjika chonchi dzuwa litapendeka, ili paulendo wa kumadzi. Koma kumene zinkalowerako kunali kamtsinje kamene kanaphwa kalekale.

"Kodi izi zikumwa kuti?"

"Zifunseni, a Soko. Mwina zikuitanirani tiyi."

Mawa lake m'mamawa Yotam anatenga khasu ndi fosholo. Anatsata mchenga wa kamtsinjeko mpaka pamene kamakhota pansi pa thanthwe, n'kukhala chete kuseri kwa mkuyu. Njiwa zinabwera. Zinatera patali, zinaunguza uku ndi uku, kenaka zinayenda wapansi kukafika pamng'alu wa thanthwelo. Panali timadzi tosadzaza mbale. Zinaviika milomo n'kumamwa osadzutsa mutu, monga imamwera ng'ombe, osati nkhuku.

Zitachoka, Yotam anakumba chakumunsi pang'ono. Pofika m'mawondo mchenga unada. Pofika m'chiuno madzi anayamba kuzungulira mapazi ake, ozizira. Tsiku lomwelo ng'ombe zinamwa mpaka mimba kutuluka.

Koma madzulo anaona chimene analakwa. Dzenje lake linali litakoka madzi onse a pamng'alu paja. Njiwa zinkazungulira m'mphepete, kusuzumira pansi, osatha kutsika. Zinachoka osamwa.

Yotam anabwerera m'mamawa. Anagumula mbali imodzi ya dzenjelo kuti itsetsereke pang'onopang'ono mpaka kumadzi, nayalapo timiyala tafulati. NyaJere anamupeza akadali pantchito, iye atasenza ndowa.

"Ng'ombe zamwa kale. Apa mukukonzera ndani?"

"Eni ake."

NyaJere anafuna kuseka, koma anangotula ndowa n'kukhala pambali pake. Anadikira. Njiwa imodzi inatera, inatsika njirayo mokayika, n'kuviika mlomo.

"Yewo chomene," anatero Yotam chapansipansi, kuthokoza njiwayo. Kenaka anatembenukira kwa mkazi wake. "Mukapita kumsika mukamuuze Wilkins asavutike kubwera. Mvula ikagwa, ng'ombe izi zilima."