Dzina la Pabokosi

Jenifer anangotsika minibasi pa Likhubula, khanda kumbuyo, katoni ya mazira m'manja, n'kuyamba kuitana mwamuna wake.

"Bambo a mwana! Tabwerani, akulembani pakatoni!"

Mwamunayo, Fragile, amene anzake ankamutchula kuti Furajailo, anali chimunthu chadzitho, wonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Ankauza aliyense kuti dzina lake ndi Chingerezi chakuya chotanthauza njovu. Azungu akamva dzinalo n'kuseka, iye ankati akusirira. Anali atalengeza kale kuti mwana wake wa masabata awiriyo atenga dzina lomwelo.

"Ndafunsa anamwino kusikelo," anatero Jenifer akuloza zilembo zofiira. "Akuti ndi chinthu chosachedwa kusweka. Dzira. Kapu. Ndiye mwana wanga akhale dzira?"

"Anamwinowo sanafike nacho patali Chingerezi."

"Safunsa anadya phula, bambo. Inu mwadya zaka makumi atatu."

Anzake amene ankadikira alendo patsinde pa mtengo anagwa nalo phwete. "A Dzira, yendani bwino, pali miyala apo!" anakuwa Spencer, mmodzi wa iwo.

Fragile anawasiya akuseka. Analunjika kwa bambo ake, a Bizwick, nawapeza akupalira zinanazi kuseri kwa nyumba.

"Ababa, dzina langali munalitola kuti?"

Mkuluyo anatsamira khasu. "Pabokosi."

"Pabokosi!"

"Khala pansi, usandigwere. Chaka chimene unabadwa, tinasenza bokosi lalikulu kupita nalo ku Chambe, pamwamba pa phiri, anthu anayi. Mzungu wake ankatitsata pambuyo, akukuwa, 'Furajailo! Furajailo!' Mvula itayamba, anavula jekete lake n'kufunditsa bokosilo, iye n'kumanyowa. Ine nditaterereka n'kuchubuka bondo, sanandiyang'ane n'komwe. Anathamangira bokosi."

"Ndiye?"

"Ndiye potsika ndinapeza wabadwa, miyezi isanakwane, kakang'ono ngati mbewa. Akulu ako awiri tinali titaika kale m'manda. Ndinati ameneyu anthu azimugwira ngati bokosi lija. Ndinapempha kalaliki wa mzunguyo andilembere zilembo za pabokosi zija pachikhatho, ndipo sindinasambe mpaka kuchipatala."

Fragile anayang'ana manja ake aakuluwo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga m'bokosimo munali chiyani? Mankhwala?"

A Bizwick anakanda m'mutu. "Tinatsegula titafika. Chimbudzi."

"Chiyani?"

"Chokhalira chija, choyera mbee ngati mbale. Cha bwana wa zankhalango. Koma chinafika chamoyo, mwana wanga, chopanda ndi mng'alu womwe. Ngati iweyo."

Fragile anaimirira, nakhalanso pansi, kenako anaseka mpaka misozi.

"Ababa, nkhani iyi ithere m'zinanazi muno."

"Amayi ako anamwalira osaidziwa. Ndingayambe lero?"

Atafika kunyumba anapeza Jenifer akuyamwitsa pakhonde. Anamufotokozera za mvula, za jekete, ndi za akulu ake awiri aja. Jenifer anamvetsera akusisita kamutu ka mwanayo.

"Dzinalo n'labwino," anatero pomaliza. "Koma likukwanira inu nokha."

"Lithera pa ine. Uyu akhale Dan."

"Nanga m'bokosimo munali chiyani?"

Fragile anatenga mwanayo, namuika paphewa mosamala, maso ali kuphiri.

"Katundu wa boma," anayankha. "Saulula."