Kukhala Chete kwa Bambo Abednego

Bambo Abednego anathyoka fupa la m'chiuno ataterereka pampopi ku Alexandra, mumzinda wa Joni. Unyamata wawo wonse unathera m'migodi ya Joni, ndipo tsopano ankasungidwa ndi mwana wawo Felesita, yemwe ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, kumayadi a mumzinda womwewo.

Opaleshoni inayenda bwino. Koma Felesita atapita kukawaona, anawapeza atazula diripi, magazi ali chuchuchu pamkono, akukuwa m'Chifanakalo, chinenero cha kumigodi, kuti mgodi ukugumuka, anthu atuluke. Atawagwira dzanja anamukankha.

"Ndiwe yani iwe? Ndisiye!"

Felesita anatuluka mu wodimo. Kuyambira pamenepo ankatsika takisi pachipatalapo mtima uli m'mwamba.

Lamlungu anawapeza atagona phee, maso ali kudenga. Phala lawo linali litazizira osalikhudza n'komwe, koma iye anangoti n'kutopa. Anaimbira mchimwene wake Luke ku Phalombe kuti abambo apezako bwino, misala ija yatha.

Asanachoke kunabwera dokotala ndi nesi wina wa ku Chipata, a Tasila, amene ankamasulira. Nesiyo anakoka mpando pafupi ndi bedi.

"Atate, muli kuti kuno?" anafunsa a Tasila.

Yankho linachedwa. "Kukomboni ya mgodi."

"Tatchulani masiku a pasabata chobwerera m'mbuyo, kuyambira Loweruka."

"Loweruka..." Zikope zinagwa. A Tasila anawagwedeza paphewa. "Loweruka," anabwereza motero, osapitirira.

Dokotala anafuna kudziwa ngati kunyumba ankaiwalaiwala.

"Ayi ndithu," anatero Felesita. "Ndi amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi. Koma leroli ali bwinoko, si choncho? Sakuvutitsanso anthu."

A Tasila anapukusa mutu. "Achemwali, uku si kuchira. Munthu wachikulire akachitidwa opaleshoni kapena akadwala kwambiri, mutu umatha kusokonekera mwadzidzidzi. Ena amalusa, ena amangoti zii, enanso amasinthasintha ngati atatewa. Wolusayo aliyense amamuona. Wachete ndi amene amatipita pansi, ndipo kawirikawiri ndiye amakhala atadwalika. Sakutha kutchera khutu, sakudziwa komwe ali, sakudya. Zafika patali."

"Ndiye kuti si misala?"

"Si misala. Chilipo chikuwadya m'thupimu."

Atawayeza anawapeza ndi chibayo. Anayamba kuwapatsa mankhwala ndi madzi kudzera m'diripi. A Tasila anauza Felesita kuti awabweretsere magalasi awo, aziwadzutsa masana, aziwauza tsiku ndi malo, ndiponso azicheza nawo m'chinenero chawo. Abwana ake anamulola kuweruka msanga, koma monyinyirika. Ankakhala pabedipo n'kumawasimbira za kumudzi, za mango a pakhomo pa amalume, iwo akungosinza. Felesita sanamuimbirenso Luke, ankasowa poyambira.

Tsiku lina akuwamwetsa tiyi, anamuyang'anitsitsa. "Felesi, waonda bwanji mwana wanga?" Iye anaika kapu pansi n'kulira.

Anawatulutsa m'chipatala akuyenda ndi ndodo. Mwana wawo amamuzindikira, koma nyimbo amaziduladula, ndipo masiku ena amafunsa kuti amayi ake a Felesita apita kuti, pomwe anamwalira kalekale. A Tasila ananena kuti kwa ena zimatha pakapita miyezi, kwa ena sizitheratu.

M'mawa uliwonse Felesita akamanyamuka wa ku Sandton, amaima panja loko ali m'manja, osadziwa ngati awatsekere kapena asiye chitseko chomwecho.