Gwafa wa Kuseri kwa Mpanda

Chaka chimene ogula anam'bwezera mango ake onse, Mwinimango anayamba kuuyang'ana ndi diso lofiira mtengo wa gwafa wa kuseri kwa mpanda. Mangowo kunja anali osalala, koma ukangowadula, mphutsi zoyera zinkachita kudumpha pampeni.

Gwafayo anali wa mlamu wake, mkazi wa malemu mng'ono wake, mayi wosoka zovala yemwe ankaswera pakhonde ndi makina ake. Awiriwa sankamwerana madzi chikanganirane malire a munda maliro atangotha.

Mlangizi wa zaulimi atabwera, anatola mango, magwafa ndi malalanje akugwa okha, n'kuwaika m'zidebe zosiyana zothira mchenga pansi, n'kuphimba ndi nsalu. Patapita masabata anawaitana onse awiri. M'chidebe cha malalanje munali tintchentche tochepa, tofooka; iye anati mafuta a m'khungu la lalanje amapha mazira ambiri. Cha magwafa chinali chodzaza. Ntchentche zake zinatuluka msanga, zonenepa, ndipo anati zoterozo ndi zimene zimaikira mazira ochuluka. Mango akatha, zimasamukira m'magwafa n'kumaswana podikira nyengo ina.

Zodula mtengo mlangiziyo sanazitchule. Anangoti aliyense azitola zipatso zakugwa, azizimanga m'thumba lakuda la pulasitiki n'kuliika padzuwa kuti mphutsi zife. Koma Mwinimango anamva zake.

"Mlamu, mukundiwetera adani. Mtengo uwu ugwe."

"Anabzala ndi mng'ono wanu, alamu," anatero mayiyo. "Ali moyo simunautchulepo. Yambani mwatola mango anu akuwolera pansiwo."

Mwinimango anati sangaphunzitsidwe ulimi ndi munthu wobwera ndi ukwati. Mayiyo anayankha kuti wobwerayo sachokanso.

Komabe m'mawa uliwonse ankatola magwafa ake, matumbawo n'kuwandandalika mumpanda dala kuti alamu akewo aziwaona. Sizinathandize. Tsiku lina atapita kukapereka mayunifomu kusukulu, anabwerako n'kupeza mtengo uli pansi, nthambi zitadula chingwe choyanikira zovala. Mwinimango anali chiimire potero, nkhwangwa ili paphewa, n'kumuuza kuti lero kunali mphepo yamphamvu.

Mayiyo sanalire. Anangolowa m'nyumba.

Mango atayamba kukhwima, mayiyo anayamba kudzera kudzala la kumsika ndi beseni. Ankasankha zipatso zofewa kwambiri, zodzaza mphutsi, n'kudzaziponya m'munda wa alamu ake dzuwa likuswa mtengo, akuimba nyimbo. Mwinimango ankazitola ndi fosholo n'kuzibwezera pakhonde. Papaya wina wowola anaphulikira pa diresi la ukwati la eni ake limene mayiyo ankasoka, ndipo awiriwo anatukwanizana mpaka anthu odutsa anaima mumsewu.

Ntchentche sizinasankhe mpanda. Zinalowa m'mapapaya ndi m'mapichesi a anthu oyandikana nawo. Mlangizi atabweranso anayenda m'minda yonse iwiri, kenako anati iye amathana ndi tizilombo, osati anthu, n'kukwera njinga yake.

Mango a chaka chimenecho anawolera mumtengo. Anthu a m'deralo anasiya kum'patsa moni Mwinimango, ndipo nsalu zawo anayamba kupita nazo kwa telala wina. Mayiyo analowetsa makina ake m'chipinda, n'kutseka zenera loyang'ana kumunda.